Manyazi anga anali a ndani?



Mwezi watha mnzathu wa m'kalasi anatiitana kuti tikadye ku lesitilanti ina yapamwamba ya zakudya za ku Italy mu Blantyre. Tinanyamuka ku Zomba anthu asanu. Ine ndi mwana wa kwa Ngokwe, ndinakulira mpunga ndi makumba a ku Chiuta. Malo oterewa kanali koyamba kulowamo.

Menyu itafika, mawu ake anandizunguza mutu: carbonara, prosciutto, tiramisu. Wotiperekera zakudya anaima pambali panga akudikira. Funso linafika pakamwa: "Achimwene, mulibe nkhumba umu?" Koma ndinalimeza, kuopa kuoneka wakumudzi. Ndinangoloza carbonara.

Amene anandipulumutsa ndi mnzanga wachikhristu. Anandigwira mkono nkunena, "Aise, imeneyo amaikamo nkhumba. Iwe si Msilamu?" Ankanena zoona. Carbonara yeniyeni amaphika ndi nyama ya nkhumba, prosciutto ndi nkhumba youmitsa, ndipo tiramisu ena amathiramo vinyo. Ndinasintha nkutenga pizza ya margherita, ya tomato ndi tchizi basi. Ganizani: mnzangayo sanachite manyazi kunditetezera dini yanga, pomwe mwini wakene ndinali chete.

Bilu itabwera anati tigawane mofanana. Gawo langa linali ndalama imene mayi anga ananditumizira pa Airtel Money atagulitsa mpunga, yoti indisunge masabata awiri. Apanso ndinakhala duu. Ndinalipira ndikumwetulira, mtima ukuwawa.

Chiyambire tsikulo ndakhala ndikudzifunsa za manyazi. Ku madrasa mwalimu anatiphunzitsa kuti haya ndi khalidwe la Msilamu. Nanga bwanji manyazi anga ananditengera pafupi ndi haramu? Ndazindikira kuti manyazi alipo a mitundu iwiri. Ena amakuletsa kuchita choipa chifukwa ukudziwa kuti Allah akukuona. Ena amakuletsa kuchita chabwino chifukwa anthu akukuyang'ana. Onse amawotcha nkhope mofanana, nchifukwa chake timawasokoneza. Usiku umenewo ine ndinaopa maso a anthu anayi kuposa Amene anandilenga.

Wina anena kuti cholakwa chinali kupitako. Ine ndikukana. Kudya zabwino ndi anzako si tchimo. Surah Al-A'raf, ayah 31, ikuloleza kudya ndi kumwa, imene ikuletsa ndi israf, kupyola muyeso. Ndipo muyesowo suli umodzi kwa aliyense. Mbale yomweyo, kwa mnzanga amene bambo ake ali pa ntchito yabwino ndi chakudya chabe. Kwa ine inali thukuta la mayi anga, la kuweramira m'dambo.

Choseketsa nchakuti pizza imene ndinkainjenjemerayo inayamba ngati chakudya cha anthu osauka m'misewu ya Naples. Ndinkachita manyazi ndi umphawi wanga pamaso pa chakudya cha amphawi anzanga.

Ndinawaimbira mayi nkuwauza zonse. Sanakalipe. Anangofunsa, "Nanga unakhuta?" Funso limenelo linandipweteka kuposa bilu ija.

In shaa Allah ndidzapitanso anzanga akandiitana. Koma ndidzafunsa kaye zimene zili m'mbale, ndipo ndidzanena poyera kuti thumba langa likuthera pati. Mnzako amene angakuseke pa zimenezi, bola umudziwe msanga.

Inu abale, ndi liti pamene manyazi anakutsekani pakamwa pomwe munayenera kuyankhula?

Allah atipatse manyazi oyenera. Ameen.