Kodi Galimoto ya Matabwa Imanama?

Pali chinthu chimene achinyamata a m'mayiko ambiri amakhoma ndi matabwa masiku ano, ndipo kalipentala aliyense wa ku Petauke kapena ku Nyimba atachiona kamodzi sangavutike kuchipanga. Amatenga mpando wa galimoto yakutha n'kuumanga ndi mabawuti pa matabwa awiri aatali ogona pansi. Kutsogolo amaimika mizati iwiri yonyamula thabwa lopingasa, pomwe amamangirira chiwongolero, ndipo m'munsi amapendeketsa thabwa lina loikapo zopondera, cha buleki ndi cha moto. Zonsezi amazilumikiza ku kompyuta kapena ku PlayStation, pasikirini n'kuoneka msewu wa mpikisano. Munthu amakhala m'menemo maola angapo, thukuta kamukamu, kukhota, kuponda buleki, kupitirira anzake, koma akadzuka amapezeka ali m'chipinda chomwe chija. Anthu ambiri oganiza bwino akaona zimenezi amati ndi bodza, kudzinamiza kwa munthu amene alibe galimoto. Ine ndikuti chifanizo sichikhala bodza chifukwa chakuti ndi chifanizo. Chimanama pa malo amodzi okha, pamene chabisa malipiro a kulakwitsa, ndipo pena ponse chimatha kunena zoona zimene chinthu chenichenicho sichikanatiuza tisanavulale.

Nkhaniyi sinabwere ndi kompyuta. Mwana wa m'dziko la mfumu yaikulu Kalindawalo ku Petauke amene amapinda waya n'kupanga galimoto, mawilo ake a zitini za polishi kapena zitsekerero za mabotolo, anaiyankha kale ndi manja ake. Yang'anitsitsani galimotoyo. Waya wautali umene wagwira m'manja umatsikira ku mawilo akutsogolo, ndipo akaupotoza mawilo awiriwo amakhotera limodzi. Kuti izi zitheke, mwanayo anayenera kuzindikira yekha kuti mawilo akutsogolo ndiwo amakhota pamene akumbuyo amangotsatira, ndi kuti galimoto yaitali imafuna malo aakulu pokhota kusiyana ndi yaifupi. Pakamwa pake pamalira injini, ndipo mukamvetsera mudzamva akusintha giya pachitunda ndendende mmene amachitira malole a pa Great East Road. Palibe amene amamunena mwanayo kuti ndi wabodza, ndipo iye akudziwa bwino kuti amake akamutuma kuchigayo adzapita wapansi. Achewa, amene amasonkhana ku Mkaika ku Katete pa mwambo wa Kulamba mwezi wa August, anapita patali kuposa ana: pakati pa zilombo za gule wamkulu pali china chotchedwa Galimoto. Gule amene bungwe la UNESCO linamulemekeza m'chaka cha 2005 sanaone chovuta kulowetsa makina achilendo pabwalo, kuti mudzi uwaone pafupi, uwaseke, uwaope, uwazolowere.

Wotsutsa woyamba ndi munthu wa Baibulo, ndipo mawu ake ndi olemera. Malamulo khumi pa Eksodo 20 amaletsa kupanga mafano. Mneneri Yesaya, pa mutu 44, amaseka mmisiri amene amadula mtengo, mbali ina n'kuothera moto ndi kuphikira, mbali yotsalayo n'kusema mulungu woti azimugwadira. Kodi mnyamata amene wakhoma matabwa n'kumakhala pamaso pake usiku wonse, osadya, osapita kumunda, wasiyana bwanji ndi mmisiri ameneyo? Yankho lili m'Baibulo lomwelo. Pa Eksodo 25 Mose akulamulidwa kupanga akerubi awiri agolide pa likasa. Pa Numeri 21 akupanga njoka yamkuwa kuti olumidwa ndi njoka aiyang'ane n'kukhala ndi moyo. Patapita zaka mazana ambiri, pa 2 Mafumu 18, mfumu Hezekiya inaphwanya njoka yomweyo chifukwa anthu anali atayamba kuifukizira zonunkhira. Mkuwa unali womwewo, maonekedwe omwewo, koma tsiku lina unali mankhwala ndipo tsiku lina unali fano. Chinasintha ndi chimene anthu ankayembekeza kwa iwo. Choncho mlandu wa Yesaya suli pa macheka kapena pa luso la mmisiri. Uli pa kuiwala: munthu kuiwala kuti chinthucho anachipanga yekha dzulo, n'kuyamba kuchipempha zimene sichingapereke. Apa galimoto ya matabwa ili ndi mwayi umene zinthu zonyezimira za m'sitolo zilibe. Misomali yake ili poyera, ndipo mwini wake amakumbukira thabwa lililonse limene anapala. N'kovuta kugwadira chinthu chimene ukudziwa kuti mwendo wake umodzi unaufupikitsa mwangozi n'kuuchinjiriza ndi kachipisi.

Wotsutsa wachiwiri ndi wakale kwambiri, ndipo nayenso anasankha kalipentala monga chitsanzo chake. Plato, m'gawo lakhumi la buku lake la Republic, lolembedwa zaka zoposa 350 Yesu asanabadwe, anati pali mabedi atatu: bedi loona limene Mulungu anapanga, bedi limene kalipentala amakhoma, ndi bedi limene wojambula amajambula. Lachitatulo, iye anati, lili kutali kwambiri ndi choonadi, chifukwa wojambula amangotengera maonekedwe osadziwa mmene bedi limagwirira. Kwa Plato msewu wa pasikirini ukanakhala mthunzi wa mthunzi. Koma mfundo yake ili ndi mwendo umodzi wofooka. Iye ankaganiza za chifanizo chimene munthu amangochiyang'ana, osati chimene amalowamo n'kuchigwiritsa ntchito. Mbiri ya kuyendetsa ndege ikuonetsa kusiyana kwake. Cha m'ma 1910 kampani ya Antoinette ku France inkaphunzitsa oyendetsa ndege powakhazika pa mbiya yamatabwa yodulidwa pakati, anthu ena n'kumaigwedeza ndi manja. M'chaka cha 1929 Edwin Link wa ku Binghamton ku America, amene bambo ake anali ndi fakitale yopanga mapiyano ndi malimba, anakhoma kabokosi kokhala ndi timapiko, koyenda ndi mivukuto ya mpweya ya m'malimbamo. Poyamba ogula ake ambiri anali a malo achisangalalo, ndipo anthu ankakaona ngati chidole. M'chaka cha 1934 asilikali a ndege a ku America atapatsidwa ntchito yonyamula makalata, oyendetsa angapo anafa chifukwa sankadziwa kuuluka m'mitambo ndi usiku podalira mageji okha. Pamenepo boma linagula mabokosi asanu ndi limodzi, ndipo pofika kumapeto kwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse oyendetsa ndege oposa 500,000 anali ataphunziramo. Kabokosi kosachoka pansi kanaphunzitsa chinthu chimene mlengalenga weniweni unkaphunzitsa pokhapokha mwa kupha wophunzirayo.

Ndiye chifanizo chili ndi choonadi chake, ndipo m'galimoto ya matabwa choonadicho chimagwirika ndi manja. Chiwongolero cha masewerawa chili ndi kamota mkati kamene kamakankha manja a woyendetsa: mawilo akutsogolo akayamba kuterera chimapepuka, akagunda m'mphepete mwa msewu chimanjenjemera. Uthenga wonse wa msewu umadutsa mmenemo. Tsono thabwa lonyamula chiwongolero likakhala lopyapyala kapena lomangidwa mwaulesi, limagwedera n'kumeza uthengawo, woyendetsa n'kumva zinthu mochedwa. Chimodzimodzi buleki: munthu akaponda mwamphamvu, mphamvu yomweyo imakankhira mpando kumbuyo, ndipo ngati mpando ndi zopondera sizinamangidwe pa matabwa amodzi, phazi silingaphunzire mlingo wake chifukwa lero chopondera chili apa, mawa chasuntha. N'chifukwa chake odziwa amaika thabwa lopendekera pakati pa mzati ndi tsinde kuti pakhale ngodya zitatu, amasankha mabawuti m'malo mwa misomali, ndipo amayeza kutalika kwa mwendo wa mwini wake asanadule chilichonse. Kalipentala wozolowera mlombwa, amene amadziwa chifukwa chake mpando wina umalira ukakhalidwa pamene wina uli zii, sangafune womuphunzitsa zimenezi. Pali galimoto ya matabwa yonena zoona ndi ina yonama, ndipo kusiyana kwake kumayezeka. Chinthu chimene chingathe kukonzedwa kuti chiyandikire choonadi sichingakhale bodza kuyambira pachiyambi.

Umboni wa masiku ano ukuvomereza. Makampani a Nissan ndi Sony anayambitsa mpikisano wa GT Academy m'chaka cha 2008, kusankha akatswiri a masewera a Gran Turismo n'kuwaika m'magalimoto enieni. Jann Mardenborough wa ku Britain, amene anapambana m'chaka cha 2011, anakhala wachitatu m'gulu lake pa mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans m'chaka cha 2013. Zambia ili ndi mbiri yake pa mipikisano ya magalimoto, poti Satwant Singh anakhala katswiri wa Africa yonse kasanu ndi katatu, koma khomo lolowera m'masewera amenewo ndi la anthu a ndalama zambiri. Matabwa sachotsa vutolo, chifukwa chiwongolero chamagetsi n'chodula ndipo magetsi enieniwo, monga tinaonera m'chaka cha 2024 madzi atachepa ku Kariba, sakhulupirika. Amangochepetsa mbali imodzi ya mtengo wake, mbali imene manja a kwathu kuno angathe.

Wotsutsa wachitatu ndi wochenjera kuposa awiri aja. Robert Nozick, m'buku lake la 1974, anafunsa kuti: patakhala makina oti munthu akalowamo azimva chilichonse chimene akufuna, kupambana, kukondedwa, kutamandidwa, osadziwa kuti ali m'makina, kodi mungalowemo moyo wanu wonse? Iye ankakhulupirira kuti ambiri angakane, chifukwa munthu amafuna kuchita zinthu, osati kungomva ngati wazichita. Ena amatenga mfundoyi n'kuiponya pa masewera onse a pakompyuta. Koma makina a Nozick amapereka chipambano chaulere, pamene galimoto ya matabwa imapereka kugonja. Wophunzira amaterera pa ngodya yomweyo kambirimbiri, amapitiriridwa ndi mwana wa kudziko lina amene sadzamuona nkhope, ndipo palibe chimene makinawo amamunyengerera. Luso limene amalipeza pambuyo pake ndi lake ndithu, lili m'maso ndi m'mapazi ake. Aristotle, wophunzira wa Plato, ndiye anaona bwino pamene anaphunzitsa kuti munthu amakhala womanga mwa kumanga, ndiponso wolungama mwa kuchita zolungama mobwerezabwereza.

Koma mawu a Aristotle omwewo ndiwo akutifikitsa pamene ndinati chifanizo chimanama. Ngati chobwerezedwa chimasanduka khalidwe, tiyenera kufunsa kuti n'chiyani chimene munthuyo akubwereza. Akubwereza kukhota bwino, inde. Akubwerezanso kugunda khoma pa liwiro lalikulu, kusindikiza batani, n'kupezeka ali poyambira, galimoto ili yatsopano, thupi lilibe bala. Phunziro lachiwirili ndi bodza lenileni, ndipo thabwa ngakhale litalimba chotani silingalikonze. Mardenborough yemwe uja anakumana ndi malire amenewa m'mwezi wa March 2015 ku Nürburgring ku Germany, pamene galimoto yake inanyamulidwa ndi mphepo pa chitunda n'kugwera pamene panali oonerera, munthu mmodzi n'kufa. Sindikunena kuti masewera ndiwo anachititsa ngoziyo. Ndikunena kuti tsiku limenelo panalibe batani. Osewera eni ake amadziwa za mpata umenewu, ndipo n'zochititsa chidwi kuti amayesetsa kuutseka. Mpikisano wa pa intaneti wa iRacing, umene unayamba m'chaka cha 2008, umalemba mlandu pa kugunda kulikonse ndi kutuluka mumsewu kulikonse, ndipo woyendetsa wosasamala amatsitsidwa giredi. Anthu amalipira ndalama kuti alangidwe, chifukwa amamva kuti masewera opanda chilango ndi opanda kanthu.

Chilango cha mapointi chimathandiza, koma chimalephera pa mfundo imodzi imene aliyense woyenda pakati pa Luangwa Bridge ndi Petauke amaidziwa. Pa msewu wa mpikisano onse amene alipo anavomera kubwera, onse akupita mbali imodzi, ndipo onse akufuna chinthu chimodzi. Pa ngodya za ku Kacholola, kapena pa Nyimba pamene basi ikaima amayi amathamangira ndi mikoko ya nthochi, msewu uli ndi anthu amene sanalowe mpikisano uliwonse: wanjinga wonyamula matumba a makala, ngolo ya ng'ombe yopanda nyali madzulo, ana ochokera kusukulu, mbuzi. Luso lofunika pamenepo si kupeza malire a matayala koma kukana kuwayandikira, kuchotsa phazi pa moto pamene msewu ukuoneka wopanda kanthu, chifukwa cha munthu amene sunamuone. Masewera a mpikisano amalipira amene wachedwa kuponda buleki, pamene msewu umenewu umafuna wofulumira kuponda. Mnyamata wochokera m'galimoto ya matabwa akhoza kufika pa mayeso a laisensi a bungwe la RTSA manja ake akudziwa zambiri kuposa anzake, ndipo zimene akudziwazo n'zoona. Chimene womuphunzitsa ayenera kuyamba nacho ndi kumuchotsa chizolowezi chimodzi chokha, chija choyesa kaye kuti aone ngati galimoto ikhota.