Kodi Nkoyenera Kuononga Cakudya Pamene Ena Agona ndi Njala?

M'caka ca 1929 malonda a ku America anagwa, ndipo pofika 1933 wanchito mmodzi mwa anai ali onse anakhala wopanda nchito. Mitengo ya zokolola inatsika kotero kuti alimi analephera kubweza ngongole zao. Pamenepo boma la Franklin Roosevelt linaika lamulo lakulipira alimi kuti acepetse zolima zao, mitengo ikwerenso. Thonje la maekala 10 miliyoni analikwirira m'nthaka lisanache, ndipo nkhumba ngati 6 miliyoni zinaphedwa. Nyama ina inagawidwa kwa osauka, koma yambiri inasanduka mafuta ndi manyowa.

Mlandu uwu ngwobvuta kuuweruza. Mlimi wogulitsa motaya amalandidwa munda wace, ndipo caka camawa wolima asowa. Mitengo inakweradi, napuma mabanja ambiri. Komatu ndarama za boma zinapita kwa eni minda, ndipo ambiri olima m'minda ya eni, akuda ndi oyera omwe, anapitikitsidwa.

Njala ija sinadze cifukwa nkhokwe zinali zopanda kanthu, koma cifukwa anjala analibe cogulira. Cotero lamulo lothandiza ambiri silikhala lolungama kufikira oliika atafunsa kuti katundu wace adzamsenza ndani, ndi kuona kuti asagwere iye amene ali wofoka koposa.