PHUNZIRO 14: MKONDO UNALASA KHOMA

Ŵerengani: 1 Samueli 19:8-12; 25:32-34; Mateyu 5:21-22.
Vesi loloŵeza: Miyambo 4:23.
Cholinga: Ana adziŵe kuti tchimo limene taliyamba ndi tchimo ndithu, ngakhale litalephereka.

KWA INU MPHUNZITSI

Ana athu a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka amaona asilikali akudutsa pa mseu wa ku Salima, ndipo ambiri amasirira. Yambani ndi zimenezo.

Asilikali ali ndi malamulo awoawo, ndipo a kuno kwathu anatengera a ku Britain. Lamulo la asilikali la ku Britain la mu 1955 linalamula kuti msilikali woyesa kupalamula mlandu wa usilikali alangidwe monga ngati waupalamuladi. Koma ngati chilango cha mlanduwo chinali imfa, woyesayo ankangoikidwa m'ndende. Chifukwa chake nchosavuta. Msilikali wothaŵa ntchito amene wagwidwa pa chipata sanasinthe mtima ai, wangogwidwa.

Pa 28 Okutobala 1997, Captain Stephen Lungu wa ku Zambia analengeza pa wailesi ku Lusaka kuti asilikali alanda boma la Pulezidenti Chiluba. Patangopita maola ochepa anagwidwa. Boma silinagwe, komabe mu 1999 bwalo lalikulu la dzikolo linagamula kuti iye ndi anzake ambiri aphedwe. Mu 2004 Pulezidenti Mwanawasa anaŵachitira chifundo nasintha chilangocho kukhala ndende.

NKHANI YA LERO

Fotokozani mwa mau anu. Davide wabwera kumene kogonjetsa Afilisti, ndipo akuimba zeze m'nyumba ya mfumu. Sauli wakhala pansi, mkondo uli m'manja, nsanje ili mumtima. Mwadzidzidzi auponya! Davide aleŵa, ndipo mkondo ulasa khoma.

Pamenepa imani, mufunse ana: "Kodi Sauli anapha munthu?" Adzati iai. "Nanga ndi wosalakwa?" Alekeni aganize. Mwazi sunakhetsedwe, koma sichifukwa cha ubwino wa Sauli. Mulungu ndiye anasunga Davide. Ndipo Sauli sanalape, pakuti usiku womwewo anatuma anthu kukazinga nyumba ya Davide.

Tsono onetsani kusiyana kwake. Tsiku lina Davide yemweyo ananyamuka ndi lupanga kuti akaphe Nabala. Abigayeli atamchingamira pa njira, Davide anabwerera, nayamika Mulungu amene anamletsa kukhetsa mwazi. Onse aŵiri analetsedwa. Wina anangophonya, wina anatembenuka.

PHUNZIRO KWA IFE

1. Bwalo la anthu limadikira kufikira munthu atayamba kuchita choipacho, pakuti silingathe kuona za mumtima. Ambuye Yesu aphunzitsa kuti chiweruzo cha Mulungu chimayambira pa mkwiyo womwe uli m'kati.

2. Mwana wapita kunyanja, watambasula dzanja pa thandala la usipa wa eni ake. Galu auwa, iye nathaŵa chimanjamanja. Akafika kwawo adzati, "Ine sindinabe." Kodi anamletsa ndani, chikumbumtima kapena galu?

3. Mulungu akatitsekera njira ya tchimo, ndicho chisomo. Watipatsa nthaŵi yakulapa. Tisaichite ngati Sauli, kukasaka mkondo wina.

Chenjerani, mphunzitsi: musatchule dzina la mwana aliyense, ndipo musaŵaopseze. Malizani ndi Kristu, amene mwazi wake utsuka machimo ochitidwa ndi machimo ongoyesedwa omwe. Inunso dziyeseni musanaime pamaso pa ana. Kodi palibe mikondo imene munaponya, nimutonthola chifukwa inaphonya?

MAFUNSO

1. Chifukwa ninji msilikali amalangidwa ngakhale chimene anayesa chalephereka?
2. Kodi Sauli anachitanji atamphonya Davide?
3. Nanga Davide anachitanji atakomana ndi Abigayeli?

PEMPHERO

Atate wathu wa Kumwamba, Inu mudziŵa zoipa zimene tinafuna kuchita koma sizinatheke. Tikuyamikani kuti munatiletsa. Mutikhululukire, ndipo musunge mitima yathu. M'dzina la Yesu Kristu. Amen.