Khoma Limene Agogo Sanamange

Kodi munthu anganyadire khoma limene makolo ake sanamange? Kwa ife a ku Sunningdale, amene agogo athu anachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito ku Salisbury, funsoli ndi lolasa mtima. Dzina la dziko lathu linachokera ku makoma amiyala a pafupi ndi Masvingo, ndipo mbalame yosema ya kumeneko ili pa mbendera. Koma anawamanga ndi makolo a Ashona, athu ali kutsidya kwa Zambezi. Ambiri a ife takula ndi ziphaso zolembedwa kuti "alien".

Funso lomweli linanditsata ku Córdoba, ku Spain, nditakaona mzikiti wakale wa kumeneko. Abd al-Rahman I anayamba kuumanga cha m'ma 785, amisiri ake akutola nsanamira m'mabwinja a Aroma ndi Avisigoth. Akhristu atalanda mzindawo mu 1236 anausandutsa tchalitchi, ndipo m'zaka za m'ma 1500 anamanga tchalitchi china chachikulu pakatikati pake penipeni. Mu 1609 mfumu Philip III inalamula kuti zidzukulu za Asilamu, ngakhale zobatizidwa, zichoke m'dzikomo. Lero mwana wa ku Córdoba amakulozera nsanamira zija monyadira, koma Msilamu saloledwa kupempheramo.

Kunyadako sindikudana nako, pakuti denga likadontha amakonza ndi iyeyo. Chimene chimandinyansa ndi kusamala khoma kwinaku ukukana omanga ake. Atsamunda a Rhodesia anachita zomwezo: ankakopa alendo ndi Great Zimbabwe, uku akunong'oneza kuti anamanga ndi Afoinike kapena anthu a mfumukazi ya ku Sheba. Chonsecho David Randall-MacIver anali atasonyeza kale mu 1905 kuti ndi ntchito ya manja a Aafirika, ndipo Peter Garlake, amene anakana kubisa zimenezi, anachoka m'dzikolo mu 1970.

Choncho ine ndimati "khoma lathu" mopanda manyazi, bola nditchule eni ake oyamba. Chondivuta kwambiri ndi makoma amene agogo anawakhudzadi. Njerwa zambiri za Salisbury anasenza ndi Amalawi, Amozambiki ndi Azambia, madzulo n'kukagona mothithikana m'mahositelo a amuna okhaokha monga a Matapi ku Mbare. Mahositelowo akadalipo, muli mabanja thothotho, ndipo basi ya alendo siimapo.