Kodi Choonadi Chimakhala M'buku?

Amishoni a Dutch Reformed atakhazikika ku Nyanje mu 1905, dera lomwe lero lili m'boma la Sinda ku Zambia, anadza ndi chinthu chachilendo: mawu osasintha ngakhale mwini wake atamwalira. Mwana ankayamba ndi sileti, cholinga n'kukafika pa Baibulo. Buku Lopatulika, lomwe William Murray ndi anzake anamasulira, litatuluka mu 1922, ambiri anaphunzirirapo kuwerenga.

Funso linabadwa pomwepo: kodi cholembedwa chimaposa cholankhulidwa? Ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba, mbiri ya Kalonga Gawa Undi imayenda pakamwa, m'ng'oma ndi m'magule. Kudambwe kulibe buku. Koma m'kalasi ku Vubwi, mwana akaloza chala patsamba n'kuti "zalembedwa", mkangano umathera pomwepo.

Komatu buku nalonso lili ndi amene anasankha zolowamo. M'masekondale a ku Zambia, phunziro la chipembedzo lakhala ndi masilabasi awiri: ya nambala 2044 imayambira pa moyo wa tsiku ndi tsiku, ya nambala 2046 imatsamira pa ndime za m'Baibulo. Ana awiri opemphera mpingo umodzi, akamaphunzira sukulu zosiyana, angathe kuyankha mafunso osiyana pa mayeso a giredi 12.