Wakuba ndi khadi amabera yani?

Pali kaganizidwe kena kamene kamandidabwitsa. Ati munthu woba pogwiritsa ntchito khadi la ngongole la mnzake si mbava yeniyeni, poti sathyola chitseko, sagwira chikwanje, ndipo woluza ndi banki imene ndalama zake n'zosawerengeka. Ine ndikukana. Mbava yotereyi imaba chinthu choposa ndalama: imaba dzina la munthu.

Tiyeni tione za ku America, kumene makhadiwa ali ngati mchere m'ndiwo. Kumeneko kuli makampani atatu akuluakulu, Equifax, Experian ndi TransUnion, amene ntchito yawo n'kusunga mbiri ya mmene munthu amabwezera ngongole. Mbiriyo amaisandutsa malikisi otchedwa FICO, oyambira 300 mpaka 850. Gawo lalikulu la malikisiwa limachokera pa mafunso awiri: kodi umalipira pa nthawi yake, nanga ngongole yako yafika pati?

Tsono mbava ikatola nambala ya khadi lako n'kuguliratu katundu, ngongole yako imatupa, malikisi n'kutsika. Choopsa koposa n'choti ikhoza kutsegula khadi latsopano m'dzina lako, makalata okumbutsa ngongole n'kumapita ku keyala ina. Pakatha masiku 30 osalipira, kampani ya khadi ikhoza kukakuneneza kuti ndiwe wozemba ngongole, ndipo banga lotere likapanda kutsutsidwa limakhala m'mabuku zaka 7. Iwe osadziwa kanthu, uli phee kunyumba kwako.

Udzadziwa tsiku lokapempha ngongole ya nyumba. Pajatu chiwongola dzanja ndi mtengo wa kukayikiridwa: amene banki ikumukayikira imamulipiritsa zambiri. Tingoyerekeza: ngongole ya madola 200,000 yobweza zaka 30, pa 6 peresenti munthu amalipira pafupifupi madola 1,199 pamwezi, koma pa 7 peresenti ndi madola 1,331. Pomaliza kusiyanako kumaposa madola 47,000. Ndalama zimenezi mbava ija sinazione n'komwe, koma yakulanda ndithu.

Wina anena kuti: "Inu a mlembi, kodi malamulo kulibe?" Alipo. Malamulo a ku America amati mwini khadi asalipitsidwe zoposa madola 50 pa zimene wakuba wagula, ndipo munthu ali ndi ufulu wotsutsa bodza lolembedwa pa mbiri yake kuti lifufutidwe. Boma nalo silisekerera: mu 2010 Albert Gonzalez anagamulidwa zaka 20 m'ndende chifukwa choba manambala a makhadi mamiliyoni ambirimbiri. Zonsezi n'zoona. Koma taonani amene akuthamangathamanga. Ndi wobedwayo amene ayenera kuimba mafoni, kulemba makalata, kukatenga lipoti, kudziyeretsa pa mlandu umene sanapalamule. Ndipo zimene banki yaluza sizithera m'malere, pakuti wamalonda aliyense amaika zotayika zake pa mtengo. Olipira ndi makasitomala okhulupirika aja.

Apa m'pamene funso langa likukulira. Wagolosale akamakongoza sopo ndi shuga polemba m'kabuku, amakudziwa nkhope. Wina akabwera kudzatenga katundu m'dzina lako, amubweza, ndipo akapusitsidwa manyazi ndi ake. Koma mbiri ya munthu ikasanduka manambala m'kompyuta, wosunga mbiriyo sakudziwa, ndipo iwe sunamusankhe. Mu 2017 akuba analowa m'makompyuta a Equifax n'kutenga zinsinsi za anthu pafupifupi 147 miliyoni. Mu 2019 kampaniyo inavomera kulipira ndalama zofika madola 700 miliyoni. Chindapusa chinaperekedwa, inde, koma tsiku lobadwa la munthu silisinthika ngati loko wa pakhomo. Likabedwa labedwa basi.

N'chifukwa chake ndikuti olakwa ndi awiri. Woyamba ndi mbava, ndipo tisaikometsere ndi mayina oti "wochenjera" kapena "katswiri wa kompyuta". Kusaona misozi ya amene wamubera sikuchepetsa tchimo. Wachiwiri ndi aliyense amene amadyera pa kusunga mayina a anthu koma osawatchinjiriza. Ukamapeza phindu poweruza kukhulupirika kwa anzako, nawenso uyenera kukhulupirika, ndipo ntchito yotsimikiza kuti ngongole ndi yangadi iyenera kukhala yako, osati yanga.

Tisati izi n'zakutali. Kuno ku Malawi lamulo lolola mabungwe osunga mbiri ya ngongole linakhazikitsidwa mu 2010, ndipo ku South Africa, kumene abale athu ambiri akugwira ntchito, kampani ya Experian inapusitsidwa mu 2020 n'kupereka zinsinsi za anthu mamiliyoni kwa munthu wachinyengo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Choncho muziwerenga sitetimenti ya ku banki mzere ndi mzere, ndipo musachite manyazi kufunsa zimene zalembedwa pa dzina lanu. Dzinalo ndi lanu, iwo angolisunga chabe.