Lolemba timafunsa malisiti, Lamulungu timangowomba m'manja

M'matchalitchi a ku Area 10, Area 12 ndi Area 47 mumapemphera akhristu ambiri amene sabata yonse amawerengera ndalama za boma ku Capital Hill. Amadziwa kuti ndalama sizituluka ndi siginecha ya munthu mmodzi. Akukumbukiranso chaka cha 2013, pamene kuwomberedwa kwa Paul Mphwiyo, mkulu wa bajeti, kunavundukula Cashgate. Koma anthu omwewa akafika kutchalitchi amaponya chakhumi m'mbale, mlembi n'kulengeza kuti zopereka zayenda bwino, iwo m'manja phuphuphu. Wofunsa kuti ndalama za Paper Sunday zagula matumba angati a simenti amamutcha wolimbana ndi wodzozedwa.

Mipingo ya anthu akuda a ku America, imene ili ndi chibale chakale ndi dziko lino, inayamba ndi funso lomwelo lakuti mwini katundu wa mpingo ndani. Richard Allen, amene anadziwombola yekha muukapolo, anatsegula tchalitchi cha Bethel ku Philadelphia mu 1794. Atsogoleri achizungu a Methodist ankati nyumbayo ndi guwa lake zili m'manja mwawo, mpaka khoti linagamula mu 1816 mokomera akhristu amene anasonkha ndalama zawo. Chaka chomwecho mpingo wa AME unabadwa. Ndi mpingo womwewu umene Hanock Msokera Phiri anabwera nawo ku Kasungu mu 1924, ndiponso umene unathandiza Kamuzu Banda kukaphunzira ku America. M'dongosolo la mpingowu muli gulu losamala za malipiro a abusa ndi thandizo la osauka, gulu lina losunga malo ndi nyumba, ndipo onse amapereka lipoti miyezi itatu iliyonse.

Dongosolo lolembedwa palokha silitchinga wakuba. National Baptist Convention ndi bungwe limene linkatumiza ndalama kwa John Chilembwe ku Mbombwe atabwerera kumudzi mu 1900, ndalama zosonkhedwa ndi ana a akapolo. Mu 1999 pulezidenti wa bungweli, Henry Lyons, anapezeka wolakwa pa mlandu wa chinyengo ndi kuba, kuphatikizapo ndalama zimene zinaperekedwa kuti amangirenso matchalitchi otenthedwa. Nkhaniyi sinaphulike ndi kalondolondo wa mpingo ayi. Inaphulika mu 1997 mkazi wake atayatsa nyumba imene mwamunayo anagula ndi mayi wina. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthumwi za mpingo zitakumana chaka chomwecho zinavota kuti Lyons apitirize udindo. Anthu ankamukonda, ndipo chikondicho chinawamanga pakamwa.

Ife akumpando tilinso ndi mlandu wathu. Mbuzi imadya pamene aimangirira, ndipo mpingo umene sunalembe poyera kuti abusa alandire zingati, tsiku liti, ukuwaika m'mayesero. Abusa ambiri a kumidzi amadikira masika ndi nkhuku za amayi a chigwirizano, mwana atathamangitsidwa kale kusukulu chifukwa cha fizi. Kuno ku tauni vuto limatembenuka: mphatso za ku manse zimapikisana, mlaga uno ufa ndi mbuzi, mlaga uja firiji, mabwana galimoto, zonse osalowa m'buku. Tsiku lomwe bwana wogula galimotoyo adzalakwe, abusa adzamudzudzula ndi pakamwa pati?

Ine ndimaona kuti buku lotseguka limateteza abusa poyamba. Chopereka chiwerengedwe ndi anthu angapo osinthanasinthana, chipite kubanki osati kunyumba, msungichuma asakhale mlamu wa abusa, ndipo lipoti lipachikidwe pakhomo. Abusa oona mtima sataya kanthu pamenepo, miseche yokha ndi imene imachepa.

Funso lovuta latsala kwa msungichuma yemweyo. Malipiro a m'boma timawadziwa tonse, giredi ndi giredi. Ikabwera envelopu yoposa malipiro a chaka chonse a munthu amene waibweretsa, mpingo uilandire ndi nthungululu, kapena akulu a mpingo amuitanire pambali n'kumufunsa kumene yachokera?